Kutupa ndi kunyerenyetsa pambuyo pa mdulidwe wa abambo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa abambo ambiri safunsa ali m'chipatala. Amavomera zonse zimene namwino akunena, n'kutenga Panado wawo, kukwera minibasi, kenako usiku wachiwiri mantha n'kuwagwira. Ine ndinachita mdulidwe ndili ndi zaka 34, ndili kale pabanja, ndipo chiyambire pamenepo anzanga a kuntchito, a kumpingo ndi a kwathu ku Chitawira mu Blantyre amandikokera pambali kudzandifunsa zomwezomwezi. Ndazisonkhanitsa pano. Ndikunena za munthu wamkulu amene wadulidwa kuchipatala. Namwino amene wakuonani ndi maso akakuuzani zosiyana ndi zanga, tsatani zake.

Kodi kutupa kumeneku n'koyenera, kapena anandilakwitsa podula?

N'koyenera, achimwene. Mwamuna wamkulu sadulidwa osatupa. Khungu lachotsedwalo linali ndi timitsempha tambirimbiri, tina toyendetsa magazi, tina tobweza madzi a m'thupi. Timeneti tikadulidwa, madzi amasowa podzera, ndiye amadikha pansi pa khungu mpaka thupi litatsegula njira zina. Khungu la pamenepa ndi lofewa ndiponso lotamuka, limasunga madzi ambiri kuposa la pa mkono. Kuonjezera apo pali mankhwala a dzanzi amene anakubayani m'tsinde mwa chida, komanso chiwalochi chimaloza pansi, kumene madzi amathamangira.

Kawirikawiri kutupa kumakhala pakati pa mzere wa ulusi ndi mutu wa chida, makamaka kunsi. Kumaoneka ngati kamkombero kofewa, konyezimira pang'ono. Mbali imodzi kutupa kuposa inzake si chachilendo, ndipo khungu likhoza kuderako ngati pamene munthu wapunthidwa.

Kudzatha liti?

Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye pachimake. Ambiri amadabwa poona kuti pa tsiku la opaleshoni zinali bwinoko kusiyana ndi mkuja wake, koma ndi mmene zimayendera. Sabata yoyamba ikamatha kutupa kumayamba kuphwa, ndipo pofika masabata awiri kochuluka kumakhala kutapita. Kotsalako kumachoka pang'onopang'ono. Za kumeneko onani funso la kamkombero kosatha.

Chachikulu pa tsamba lonseli ndi ichi: musamayang'ane kukula kwa chotupa, muziyang'ana kumene chikulowera. Chotupa chachikulu chimene lero chachepako poyerekeza ndi dzulo chili pa njira yabwino. Chotupa chaching'ono chimene chikukula tsiku lachisanu, lachisanu ndi chimodzi, n'kumawawa kwambiri, ndicho chofunika maso a namwino. Muzidziyang'ana m'mawa uliwonse mukangodzuka, chifukwa madzulo, mutayendayenda, pamakhala potupirapo ndithu ndipo mungadzidzidzimutse chabe. Ena amajambula pa foni kuti aziyerekeza. Ngati foni yanu amaseweretsa ana, ingodalirani maso.

Ndichite chiyani kuti kutupa kuphwe msanga?

Chida chiziloza m'mwamba, chogonera pamimba, usana ndi usiku. Palibe mankhwala oposa zimenezi pa nkhani ya kutupa. Chogwirira ntchitoyi ndi panti ya thonje yogwira bwino thupi, osati bokosa wotayirira. Gulani zitatu kapena zinayi, kaya mu msika wa Limbe kaya m'tauni, muzichape ndi kuzisita musanavale, ndipo muzisintha tsiku lililonse.

Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lachitatu ndinadzimva kuti ndili bwino, ndinavala bokosa, n'kutsika minibasi pa Ginnery Corner, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Pofika madzulo kunsi kunali kutatupa kawiri kuposa m'mawa, khungu lili nyezinyezi ngati ladzozedwa mafuta, ndipo ulusi unkakoka. Ndinagona chagada masiku awiri, chida chili m'mwamba, zinabwerera m'malo. Masiku awiri amenewo ndikanawapulumutsa ndikanangokhala pansi.

Choncho masiku atatu oyamba gonani chagada nthawi yambiri. Kuziziritsa kumathandizanso: tengani firizesi kapena ayisi, mukulunge m'pepala la pulasitiki ndi kansalu koyera, muike pamwamba pa panti kwa mphindi 10, kenako muchotse. Musagunditse ayisi pa khungu lenileni, ndipo bandeji isanyowe. Kuthowa ndi madzi otentha, monga timachitira ndi mwendo wobinya, pano ayi, kumawonjezera kutupa ndi kutulutsa magazi. Kufinya chotupa kuti madzi atuluke, ayinso.

Madzi akumwa musachepetse masana. Abambo ena amasiya kumwa poopa kukodza, koma mkodzo wa munthu wosamwa madzi ndi umene umawotcha kwambiri.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kupita kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa pa khadi?

Magazi akamanyowetsa bandeji yonse kapena kudontha, panikizani ndi kansalu koyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Akapanda kuleka, nyamukani. Chimodzimodzi chotupa chikakula mofulumira m'maola ochepa, cholimba, chakuda, mwina kutsikira mpaka ku machende: amenewo ndi magazi akuunjikana mkati, ndipo amafunika achipatala.

Mutu wa chida ukada bii, ukatuwa kapena ukazizira, kapena mkodzo ukakana kutuluka chikhalirecho mukuumva, mwina bandeji yathina mopitirira. Musagone nazo.

Kuyambira tsiku lachitatu kupita m'tsogolo chenjerani ndi kutentha thupi, kuzizidwa, mafinya onunkha, kufiira kofalikira, mwanabere wowawa m'mphechepeche, ululu wokulirakulira m'malo mochepa, kapena bala kutseguka kwambiri. Nsagwada kapena khosi zikayamba kuuma, werengani funso la zitsamba, koma muwerengere m'njira yopita kuchipatala.

Masana bwererani kumene anakudulani, kapena ku chipatala chaching'ono cha kufupi nanu, kaya ndi Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe, Chilomoni kapena South Lunzu. Usiku, gawo la odwala mwadzidzidzi ku Gulupu, pa chipatala cha Queen Elizabeth, limagwira ntchito usiku wonse.

Bandeji ichoke liti, nanga ndizitsuka bwanji?

Nthawi zambiri amakuitanani patatha maola 48 kuti akachotse bandeji ndi kuona bala, kenako tsiku la 7, kenako pakutha pa masabata 6. Maulendo atatu onsewa pitani, ngakhale mukudzimva bwino. Bandeji isanachoke isanyowe, muzingodzipukuta thupi ndi kansalu. Ikanyowa ndi mkodzo kapena madzi, kasinthitseni tsiku lomwelo.

Ikachoka, tsukani kamodzi kapena kawiri patsiku ndi madzi owiritsa amene azizira mpaka kufunda pang'ono chabe. Anamwino ambiri amalangiza kuthiramo mchere: kasupuni ka tiyi kamodzi pa theka la lita. Kuchulukitsa mchere sikupoletsa msanga, kumangowotcha mnofu watsopano. Sambani m'manja ndi sopo kaye, thirani madziwo mofatsa, osakhula, kenako gunditsani kansalu koyera mpaka paume. Mipopi ikauma, n'kumatunga pa mjigo kapena kugwiritsa ntchito a mu diramu, kuwiritsa kusalephereke.

Kansalu kapena panti ikamatirira pa bala, musazule. Nyowetsani ndi madzi a mchere aja, dikirani pang'ono, ichoka yokha.

Pa mzere wa ulusi pali zoyera ngati zachikasu. Ndi mafinya?

Kawirikawiri si mafinya. Bala la pamalo ofewa likamapola limapanga kachikuto koyererako kapena kachikasu, komatirira, kosanunkha, ndipo timadzi toyera timatha kuchucha pang'ono masiku oyamba. Musakande. Mafinya enieni amayenda, amabweranso mukapukuta, amanunkha, ndipo amabwera ndi ululu ndi kufiira. Mukakayika, kaonetseni.

Mutu wa chida ukunyerenyetsa mpaka kuwawa ukangogunda nsalu. Zidzakhala chonchi mpaka kalekale?

Ayi. Funso ili ndi limene limasautsa anthu kuposa bala lenilenilo, ndipo ndi limene salifotokozeredwa mokwanira asanadulidwe. Taganizani: mutuwo wakhala wophimbika chibadwire, zaka 25 kapena 40, pa chinyontho, osagundana ndi nsalu, mphepo kapena madzi osamba. Khungu lake ndi lofewa ngati la mkati mwa milomo. Lero mwauvundukula tsiku limodzi. Masabata awiri oyamba ena amayenda chotang'aza, thalauza ataigwira ndi zala kutsogolo. Pofika sabata yachitatu kapena yachinayi ambiri amaiwalako, ndipo ena ochepa zimawatengera miyezi iwiri kapena itatu, makamaka amene khungu lawo linali lothina, losabwerera m'mbuyo.

Chimene chimawawa si kugunda nsalu kokha, koma kukhulana nayo. N'chifukwa chake panti yogwira bwino imathandiza kuposa chovala chotayirira, ngakhale nzeru zoyamba zimakuuzani kuti muvale zokhwepa. Chida chikakhazikika malo amodzi, kunyerenyetsa kumachepa. Mukhoza kupaka Vaseline pang'ono pa mutu pokha kuti usamatirire nsalu, koma asafike pa mzere wa ulusi pokhapokha namwino atavomereza. Akhale wa botolo latsopano, lanu nokha, osati limene banja lonse limapisamo zala.

Mukakhala kuchipinda, gonani chagada kwa mphindi 20 kapena 30 opanda panti kuti papite mphepo. Posamba, yambani mwa kuthira madzi ndi kapu kuchokera pamimba kuti atsike okha. Tsiku ndi tsiku mutuwo umazolowera. Kuuphimba ndi thonje ndi mabandeji kwa mwezi wathunthu kumangochedwetsa kuzolowerako.

Mudzaona mutuwo ukuuma, ukusupuka timakungu ngati mfundu, mtundu wake n'kusintha kuchoka pa kufiira konyezimira kukhala kotuwirako. Zonsezo n'zoyenera. Mafuta ndi zopopera zochititsa dzanzi zimene amagulitsa m'misika musaziyandikire.

Nanga kuyabwa, kulasalasa, ndi dzanzi pafupi ndi bala?

Ndi timitsempha ta kumva tikuchira. Kuyabwa kumabwera kwambiri sabata yachiwiri. Musakande, thirani madzi ozizira oyera kapena gwirani pamwamba pa panti. Dzanzi la pa chipsera limatha lokha m'miyezi ingapo.

Usiku chida chikadzuka ndimadzidzimuka ndi ululu. Ulusi suduka?

Mwamuna wathanzi amatota katatu mpaka kasanu usiku uliwonse ali m'tulo, ndipo mdulidwe suletsa zimenezi. Kumakoka, kumawawa, nthawi zina kadontho ka magazi kamaoneka pa panti, koma ulusi kuduka chifukwa cha zimenezi zokha sizichitikachitika.

Chikhodzodzo chodzaza chimawonjezera vutoli, makamaka m'bandakucha. Imwani madzi anu masana, madzulo muchepetse tiyi ndi thobwa, kodzani musanagone, ndipo mukadzidzimuka usiku dzukani mukakodzenso. Ngati chimbudzi chili panja, ikani kachidebe pafupi. Kugona cham'mbali mawondo atapindika kumachepetsa kukoka. Chikadzuka, khalani tsonga, pumani mozama, gunditsani botolo la madzi ozizira m'ntchafu. Makanema ndi macheza a pa WhatsApp odzutsa chilakolako apumitseni masabata amenewa.

Ndimwe mankhwala anji a ululu?

Panado amakwanira kwa anthu ambiri: mapiritsi awiri a 500 mg, katatu kapena kanayi patsiku, motalikitsa maola 6, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Mankhwala ambiri a chimfine ali ndi paracetamol yemweyo wa mu Panado mkati, choncho werengani paketi musanaphatikize. Aspirin mupeweni, amachedwetsa magazi kuundana. Brufen imwani ngati achipatala akupatsani, mutadya, ndipo auzeni ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso. Mowa dikirani kaye sabata yoyamba ithe, chifukwa munthu woledzera samva pamene wadzigunda.

Makapusozi ogula pa okala musamwe mwa nokha, ndipo chonde musatsegule kapusozi n'kuwaza ufa wake pa bala.

Anzanga akuti ndipake zitsamba, phulusa kapena sipiriti kuti paume msanga. Zimathandiza?

Apa ndilankhula molimba, chifukwa anthu ataya moyo. Pa bala ili musaike chilichonse chimene sanakupatseni kuchipatala: zitsamba zosinja, phulusa, dothi, ndowe, mankhwala otsukira mano, mafuta a galimoto, sipiriti, Dettol. Zina zimawotcha mnofu watsopano n'kukulitsa chotupa. Zina zimabweretsa kafumbata.

Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Tikalowa pa bala, zizindikiro zimaoneka pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada zimauma, pakamwa posatseguka bwino, khosi ndi msana kulimba, kumeza kuvuta, thupi kukokana. Amuna akuluakulu ambiri alibe chitetezo chokwanira, chifukwa katemera wobwereza amalandira kwambiri ndi amayi ku sikelo ya apakati. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhalirapo pansi pa nkhaniyi mu 2015 ndi 2016, amuna ena atadwala kafumbata pambuyo pa mdulidwe m'maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Funsani za katemerayu pamene mukudulidwa. Wokupatsani chitsamba, kaya ndi malume kaya ndi agogo, akukufunirani zabwino ndithu. Athokozeni mwaulemu, koma chitsambacho chisafike pa bala.

Ndibwerere liti ku ntchito? Ndine wa kabaza.

Wa mu ofesi kapena mu shopu akhoza kubwerera patatha masiku awiri kapena atatu, bola asaime tsiku lonse. Wonyamula katundu, womanga nyumba, woswa miyala, adikire sabata yoyamba ithe ndipo namwino amuone tsiku la 7.

Inu a kabaza, wa njinga yakapalasa ngakhale yamoto, vuto lanu ndi lalikulupo, chifukwa chishalo chimapanikiza pomwepo, thukuta limanyowetsa, ndipo misewu yokwera ya ku Ndirande kapena ku Bangwe imagwedeza thupi lonse. Konzekerani masabata awiri, ndipo musakwere musanafunse pa ulendo wa tsiku la 7. Ndikudziwa kuti ndalama ya ndiwo imachokera pa njingapo tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndimauza anyamata kuti asunge kangachepe asanapite kukadulidwa, kapena abwereketse njinga kwa mnzawo wodalirika azigawana. Kubwerera tsiku lachinayi n'kutsegula bala kumadyetsa mwezi wathunthu. Mpira ndi kuthamanga zidikire mpaka ulusi wonse utachoka ndi bala kutsekeka.

Akuti m'nyengo yotentha bala silipola. N'zoona?

Limapola nyengo iliyonse. Kusiyana kwake n'kwakuti mu Okutobala ndi Novembala thukuta limachuluka, ndiye muyenera kusintha panti kawiri patsiku ndi kuumitsa bwino. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwa, zovala siziuma pa chingwe, ndiye simbi igwire ntchito. Panti yachinyezi musavale.

Patha mwezi, koma kamkombero kotupa kakadalipo ndipo ulusi wina sunachoke. Nditani?

Ulusi wa mdulidwe umasungunuka wokha. Umayamba kuthothoka cha m'sabata yachiwiri, wina umachedwa mpaka yachinayi kapena kupitirira. Musausolole ndipo musaudule ndi lezala. Ukamakulasani, akakuchotserani kuchipatala.

Kamkombero kofewa kuseri kwa mutu, kosawawa, kamene m'mawa kamachepa madzulo n'kukulirako, ndi madzi aja ndafotokoza poyamba, njira zake zatsopano sizinakwanire. Kamatha kukhala masabata 6, ena miyezi itatu kapena kuposerapo, kakucheperachepera. Pitirizani kuloza chida m'mwamba. Chipsera nachonso chimayamba cholimba, cha timabampu pamene panali mfundo, kenako chimafewa pakapita miyezi. Musaweruze maonekedwe a chida chanu mwezi woyamba. Koma ngati thupi lanu limapanga zipsera zotukuka, monga zimene ena amakhala nazo pa khutu kapena pa chifuwa, auzeni achipatala msanga.

Bala likuoneka lopola pa masabata atatu. Sindingagone ndi akazi anga?

Dikirani masabata 6, masiku 42, ndipo namwino atsimikize. Kudziseweretsa nokha kulinso m'gulu lomweli. Pamwamba pamatseka msanga, koma mnofu wa pansi umakhala usanalimbe, ndipo ukang'ambika kutupa kumayambiranso pachiyambi. Chinanso, bala losapola ndi khomo la HIV mbali zonse ziwiri: inu mukhoza kutenga mosavuta, ndipo ngati muli nako, mayi akhoza kutenga mosavuta.

Mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Izi zinapezeka pa kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda, ndipo WHO ndi UNAIDS, bungwe la United Nations lolimbana ndi Edzi, anavomereza mu 2007. Chitetezocho chimayamba bala litapola, ndipo si chathunthu, kondomu ikadali yofunika. Mukamva wina akuti ulendo woyamba mukachotse fumbi kwa mkazi wapadera, limenelo ndi bodza loika banja lanu pa ngozi.

Maulendo oyamba pamamveka kuthina ndi kunyerenyetsa. Chitani mofatsa, ndi kondomu, ndi mafuta ofewetsera a madzi ogula ku famase. Vaseline uja pano asagwire ntchito, amaboola kondomu.

Ndine mayi wa kunyumba. Ndingawathandize bwanji bambo?

Mayi, gawo lanu ndi lalikulu. Wiritsani madzi, sitani mapanti, akumbutseni masiku a ku chipatala, ndipo mwana wokonda kudumphira pa miyendo ya bambo ake mumugwireko. Za masabata 6 mugwirizane nonse awiri poyera, ngati n'kotheka asanadulidwe, kuti pasakhale kuganizirana. Maanja ena amagona zofunda zosiyana masabata oyamba. Abambo ambiri amabisa zikamavuta, ndiye mukamva fungo, mukaona akutentha thupi kapena akuyenda movutika kuposa dzulo, musadikire kuti anene okha.

Kunyerenyetsa kukatha, kodi kukoma kwa m'banja sikutha nako?

Chimene chimatha ndi kuwawa kwa kugunda nsalu, osati kumva konse. Pa kafukufuku wa ku Kisumu ndi ku Rakai amuna anafunsidwanso za nkhani imeneyi, ndipo ochuluka kwambiri sanadandaule za mphamvu kapena kukhutira. Kamvedwe kamasinthako, ndipo miyezi yoyamba thupi limaphunzira mwatsopano. Mdulidwe suchepetsa mphamvu yobereka, komanso si mankhwala a kuthira msanga. Amene ali ndi vuto limenelo akalifotokoze palokha kwa dokotala.

Ndili ndi shuga, kapena ndimamwa ma ARV. Pali chosiyana?

Shuga wokwera amachedwetsa bala ndi kuitana mafinya, choncho yezetsani pafupipafupi ndipo musadumphe mankhwala. Ma ARV pitirizani monga mwa masiku onse. Fodya amachepetsa magazi ofika pa bala, ndipo ngati munkafuna nthawi yosiyira, ndi ino. Nonsenu, chizindikiro chilichonse cha pa funso la zofunika kupita kuchipatala muchitengere changu kuposa anzanu. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi anene asanadulidwe.

Ine sanandisoke, anandiika kachipangizo konga mphete. Malangizowa akundikhudza?

Ambiri akukukhudzani. Kachipangizo ka ShangRing kamakhala masiku 7 ndipo kamachotsedwa kuchipatala kokha. Musayese kukachotsa kapena kukasuntha, ngakhale kutupa kukusautseni. Kakasuntha kokha, pitani tsiku lomwelo. Bala lake limapola popanda ulusi ndipo limachedwerapo pang'ono, choncho masabata 6 aja muwerenge kuyambira tsiku limene kachotsedwa.

Ndikuchita manyazi kubwerera. Pa mzere pali anthu ondidziwa, ndipo namwino ndi wamkazi.

Ndikukumvetsani, inenso ndinazengereza pa geti tsiku la 7. Koma mwa anzanga amene zinawavuta kwambiri, pafupifupi onse anaona chizindikiro masiku atatu kapena anayi m'mbuyo, n'kukhala chete. Pa mzere simuyenera kufotokozera aliyense. Onetsani khadi lanu la mdulidwe kapena buku la kuchipatala, nenani kuti "ndabwera kudzaonetsa bala," basi. Mukhoza kupempha kuti akuoneni wachipatala wamwamuna ngati alipo tsikulo. Mukalowa, nenani zonse: tsiku limene munadulidwa, pamene vuto linayamba, mankhwala amene mwamwa, ndipo ngati munapaka kanthu kapena munagona ndi mkazi nthawi isanakwane, nenaninso zimenezo, chifukwa chithandizo chimene akupatseni chidalira pa zomwe mwawauza. Valani thalauza losavuta kuvula, ndipo mutenge panti ina yoyera m'thumba.